Mutu Wachisanu: Njinga ya Kuseri kwa Uvuni

1. Mphepo ya ku Kanengo

Mwezi wa Juni chaka chimenecho unafika ndi mphepo yoluma. Inkachokera cha ku Kanengo itasenza fumbi ndi fungo la fodya, n'kumalowa m'nyumba za ku Mgona popanda odi.

Saida, mtsikana wa Fomu 2, sankaiopa mphepoyo. Kumzikiti kukangomveka kuitana kwa swala ya m'bandakucha, iye ankadzuka n'kuswali. Akatero ankavala thalauza lake lamasewero, kumanga mpango kumutu, n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa njanji mpaka thukuta litatuluka. Pobwerako ankatunga madzi, kusamba, n'kupita kusukulu ku Area 25.

Poyamba anthu ankamuseka.

"Kodi mwana wa Che Yakubu uja akumuthamangitsa ndani?" ankafunsana motero amayi pampopi.

Koma pang'onopang'ono anamuzolowera. Ena anaonanso kuti chifuwa chimene chinkamusautsa mwanayo nyengo yozizira iliyonse chinali chitasowa. Aphunzitsi nawo ankati Saida wasiya kusinza m'kalasi.

Mdima unali kunyumba kwawo. Bambo ake, Che Yakubu, anali telala wodziwika pamsika wa Nsungwi. Anachokera ku Ntaja ali mnyamata, ndipo zaka zonse za m'tauni anazithera pampando. Ankakhala pansi dzuwa likutuluka, n'kudzadzuka litalowa. Pambali pawo sipankasowa kapu ya tiyi wa shuga wambiri ndi mbale ya tchipisi. Atagula makina amagetsi, ngakhale phazi lenilenilo linasiya kupalasa.

Tsiku lina anagwa ali pamakina pomwepo. Kuchipatala anati magazi awo anathamanga kwambiri mpaka anachita sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanzere zili lende, pakamwa patapotoka pang'ono. Achipatala anawapatsa ndodo, n'kuwalamula kuti azichita mafizo olimbitsa ziwalo ndi kuyenda tsiku lililonse.

Che Yakubu anayesa kamodzi kokha. Atangofika pamsewu, tiana tina tinayamba kuwatsatira pambuyo tikutsanzira kukoka mwendo kwawo. Anabwerera kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo malo awo anali pamphasa, kuseri kwa nyumba, nkhope italoza kukhoma.

2. Dilu ya Linda

Lachisanu masana, Madamu Kalonga, mphunzitsi wa zamasewero, anasonkhanitsa othamanga ake pansi pa mtengo wa kesha. Loweruka kunali mpikisano wothamanga mtunda wautali wa sukulu zonse za m'deralo. Atsikana atatu oyamba anali oti adzapite ku mpikisano wa chigawo. Kumeneko kunkabwera akuluakulu a sukulu ina yogonera konko, amene ankasankha ana aluso n'kumawaphunzitsa mpaka Fomu 4.

"Ana inu, tcherani khutu," anayamba motero Madamu. "Mawa si tsiku lophunzira kuthamanga ayi. Chimene munafesa m'mamawa monse muja ndicho mukakolole. Amene ankafunda bulangete anzake ali pamsewu, miyendo yake ikamuneneza yokha.

"Ndikuuzeni zimene mukakumane nazo. Poyamba thupi likapepuka, mukaganiza kuti mwamera mapiko. Musakanyengeke n'kuthamangira kutsogolo ngati mbuzi zotsekuliridwa m'khola. Nkhondo ili pakati pa ulendo. M'nthiti mukabaya, kukhosi kukauma, ndipo mukamva mawu m'mutu mwanu akuti, 'Ima, ukuvutikiranji?' Mawu amenewo aliyense amawamva, ngakhale akatswiri amene mumawaona pa kanema aja. Kusiyana kwake n'kwakuti katswiri sawayankha. Amachepetsa liwiro, amakoka mpweya wambiri, koma saima.

"Chinanso ndi ichi. Ine sindikukutumani chikho. Chikho chimachita dzimbiri pa shelefu ya ahedi. Ndikufuna mudzakhale anthu a mtima wolimba, a magazi oyenda bwino, a mutu woganiza. Ndikufuna mudzafike msinkhu wangawu mukukwera chitunda osagwira bondo. Amene akafike pomalizira koma wayenda njira yonse ndi mapazi ake, ameneyo ndi mwana wanga. Koma wobwera ndi ulemu wakuba asadzandipatse moni."

Ana anabalalika. Saida anatenga njira ya ku Mgona pamodzi ndi Linda, mnzake wa kuyambira Sitandade 1. Nyumba zawo zinayang'anizana. Nthawi imene Che Yakubu anagonekedwa m'chipatala, amayi a Linda ndiwo ankaphikira Saida ndi kumugoneka kwawo.

Linda anali ndi liwiro lobadwa nalo, koma kuzizira kutayamba anasiya kudzuka m'mamawa.

"Aise," anatero Linda atadutsa msewu waukulu, "atsikana a ku Lumbadzi aja ukuwadziwa? Amathamanga ngati agwape. Sitingawathe."

"Tikayesa," anayankha Saida.

"Kuyesa sikupita nawe kuchigawo. Ine ndili ndi dilu."

"Dilu yanji?"

Linda anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Njira ya mawa ukuidziwa. Tikadutsa njanji timafika pa uvuni wa njerwa uja, kenako timazungulira dambo lonse mpaka pakamlatho. Aphunzitsi amaima panjanji ndi pakamlatho basi. Pakati ponsepo palibe munthu. Rodney, msuweni wanga wa kabaza uja, akatidikira ndi njinga kuseri kwa uvuni. Pali kanjira kodutsa m'mabulugamu. Wina pa kaliyala, wina pa felemu, fyuu! Tikatsikira pafupi ndi kamlatho tili fuleshi."

Saida anaima.

"Linda, kumeneko ndi kuba."

"Kuba chiyani? Tamuba ndani? Usandibowe ndi za Madamu iwe. Iwowo ali ndi ntchito kale. Ife tili ndi chiyani?"

Awiriwo anayenda mpaka pampopi. Posiyana, Linda anamugwira dzanja.

"Uganize bwino. Ndakuuza chifukwa ndiwe m'bale wanga."

3. Pamphasa

Saida anapeza amayi ake, a Zulaikha, ataweruka kale kumsika kumene ankagulitsa usipa wouma. Anali atagwada pafupi ndi mphasa, ndodo ili m'manja.

"Bambo a Saida, dzukani. Mphepo yachepa. Tingofika pampanda pokhapa."

"Ndisiyeni," anatero Che Yakubu. Mawu awo ankatuluka mokoka. "Mukufuna ana andisekenso?"

"Mayi wa mafizo uja ananena ine ndili pomwepo," anapitiriza a Zulaikha. "Anati, 'Bambo, mapiritsi tikupatsani, koma mankhwala aakulu ali m'miyendo mwanumo. Mwendo uwu sunafe, wangoiwala ntchito. Muziukumbutsa tsiku ndi tsiku. Lero mufike pakhomo, mawa pampanda, mkuja pamsewu. Dzanjali muzifinya nalo kampira, muzilikweza ngakhale likukana. Mukaugoneka mwendowu, nawonso udzakugonekani.' Si mmene ananenera? Nanga taonani, mwendo wayamba kuonda. Ana oseka aja akukula, mawa adzakhala ataiwala. Inu mudzakhala mukadali pamphasa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo a Saida."

Che Yakubu anakoka bulangete mpaka m'khosi. A Zulaikha anaika ndodo pansi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anakodola Saida kuti alowe m'nyumba.

"Amalume ako a Zaki aimba foni," anatero motsitsa mawu. "Akuti tauni yatikanika. Teremu ino ikatha upite ku Ntaja, ukakhale ndi amayi ako aang'ono."

"Nanga sukulu, Amayi?"

"Akuti za sukulu zikaoneka konko."

Saida ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Msuweni wake wina anapita ndi mawu omwewo, ndipo chaka chisanathe anali ndi mwana kumbuyo.

"Ndawauza za mpikisano wako," anatero amayiwo. "Ndawauza za sukulu yogonera konko ija. Aseka. Akuti, 'Akapambana ndiye tidzakambe.' Mwana wanga, ine mphamvu zandithera. Mawa ukalimbe."

Dzuwa litapendeka, Saida anatengera bambo ake madzi akumwa. Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Khala pansi, mama," anatero. Ankamutchula choncho chifukwa anamupatsa dzina la amayi awo. "Nkhope yako yalemera. Sindikufunsa chifukwa. Koma imva mawu a bambo ako.

"Thupili si lathu. Mulungu anangotisungitsa, ndipo adzatifunsa mmene tinalisungira. Iwe wayamba bwino. Usadzalole ulesi, kapena ukwati, kapena kuseka kwa anthu kukukhazika pansi. Mpando ndi wokoma, koma umadya munthu mwakachetechete ngati chiswe. Uziyenda, uzithamanga, uzituluka thukuta.

"Ndipo pa chilichonse usamakonde zachidule. Kasitomala akandikakamiza kuti ndisoke msangamsanga, ndinkamuuza kuti, 'Ndikadumphitsa ulusi lero, chovalachi chikakuvulani pagulu.' Msoko wakuba suoneka tsiku losoka. Umaoneka tsiku la ukwati, anthu atadzaza. Ukapirire mawa. Zikakavuta, ukapirirebe."

Saida anayang'ana mwendo woonda uja pansi pa bulangete. Mawu anamupulumuka.

"Nanga inu, Ababa, bwanji simukupirira?"

Che Yakubu sanakalipe. Anangotembenuka pang'onopang'ono, n'kulozanso nkhope kukhoma.

Saida anatola kapu n'kuchokapo, manyazi atamugwira.

4. Kuseri kwa uvuni

Loweruka kunacha ndi mitambo yotuwa. Bwalo la sukulu linadzaza ndi ana a mayunifolomu osiyanasiyana. Gulu la Madamu Kalonga linavala malaya obiriwira. Pa gulu lonselo, wa mpango kumutu anali Saida yekha.

Nsapato zake zinali za pakaunjika, ndipo yakumanja inali itayamba kale kuyasama kutsogolo. Anaimanga ndi kachingwe.

Wenzulo inalira. Atsikana anaphulika ngati njuchi. Fumbi linakwera, ndipo ena anagwa pageti pomwepo. Saida anakumbukira mawu a Madamu, osathamangira kutsogolo. Linda anali pambali pake, akupuma kale mwaphokoso.

Anadutsa m'misika ing'onoing'ono, anthu akukuwa. Anawoloka njanji pamene panaima mphunzitsi wa chipewa chofiira. Kutsogolo, atsikana a ku Lumbadzi anali atayamba kuchepa m'maso.

Atayandikira uvuni, m'nthiti mwa Saida munayamba kubaya ngati mwalowa singano. Gulu linali litamwazikana. Kutsogolo kunalibe munthu pafupi, kumbuyonso ena anali asanatulukire pakona.

"Pano!" anatero Linda, n'kumukokera kuseri kwa mulu wa njerwa.

Rodney anali pomwepo, mnyamata wamtali wa kapusi yotembenuza, phazi limodzi lili pa pedulo.

"Fasiti, masista, tayimu!" anatero. "Wina apa, wina apa."

Linda anadumphira pa felemu. Saida anaima pafupi ndi kaliyala, akupuma movutika. Mpando wa kabaza unali wofewa, wokutidwa ndi nsalu yofiira ya mphonje. Anaikapo dzanja.

"Kwera, iwe!" anatero Linda. "Ukufuna kupita ku Ntaja? Amayi ako anawauza amayi anga zonse. Kwera!"

Saida anayang'ana kanjira ka m'mabulugamu. Kanali kafupi, ka mthunzi. Anayang'ananso njira ya kudambo, yaitali, yopanda mtengo ndi umodzi womwe, mphepo ikuulutsa mapesi ouma.

Anachotsa dzanja pampando.

"Pitani," anatero.

"Wapenga?"

"Pitani. Ine ndizungulira."

Rodney analavula pansi.

"Zako izo. Koma pakamwa potseka, wamva?"

Njinga inalowa m'mitengo. Saida anabwerera panjira. Pamene ankatulukira, atsikana anayi anali atamudutsa kale. Chapatali, mayi wina amene ankatola nkhuni anaweramuka n'kumuyang'ana, dzanja lili pachipumi.

5. Dambo

Dambo la mwezi wa Juni silichitira munthu chisoni. Pansi panali pouma gwaa, pong'ambikang'ambika, ndiponso podzaza ndi mapazi a ng'ombe a nthawi ya dzinja. Mphepo inkamuwomba Saida kumaso ngati ikumubweza.

Sanapite patali, kachingwe kaja kanaduka. Nsapato inayasama n'kumukola. Anagwa chafufumimba, bondo n'kukhuzuka pa dothi louma. Mtsikana wina anamulumpha osacheuka.

Saida anakhala tsonga. Magazi ankayenderera kutsikira kukatumba. Anavula nsapato zonse ziwiri, n'kuziponya m'mapesi. Anaimirira.

Mawu aja anabwera monga ananenera Madamu. Ima. Wataya kale mwayi. Ukuvutikiranji?

Sanawayankhe. Anachepetsa liwiro, n'kuyamba kukoka mpweya wambiri monga ankachitira m'mbali mwa njanji. Kubaya kwa m'nthiti kunayamba kuzilala. Mapazi anapeza kayendedwe kawo ka masiku onse.

Apa m'pamene m'mamawa monse muja munayamba kubweza. Amene anathamanga mwaphuma poyamba anali atatheratu. Wina anali atakhala pachulu akulira. Wina ankayenda atagwira m'chiuno. Saida anawadutsa mmodzimmodzi, osayang'ana kumbali. Minga inamulasa kuphazi, koma sanaime kuti aizule.

Pakamlatho panali mphunzitsi wina. Ataona magazi anakuwa, "Mwana iwe, ima tikumange!"

Saida anapukusa mutu n'kudutsa.

Chitunda chomaliza chinali chokwera kulowera kusukulu. Pamenepo anapeza mmodzi wa atsikana a ku Lumbadzi, wamtali, wa miyendo ngati ya kakowa. Anathamanga phewa ndi phewa. Wa ku Lumbadzi anayesa kuthawa, Saida anamukakamira. Anayesanso, Saida osamusiya. Atafika pageti, mnzakeyo mpweya unamuthera, ndipo Saida analowa m'bwalo ali patsogolo pake.

Maso ake ankaona zinthu ziwiriziwiri. Anangomva phokoso la ana a malaya obiriwira, kenako manja a Madamu Kalonga akumuwakha asanagwe.

"Wachitatu!" anakuwa Madamu. "Mwana wanga, wachitatu! Wopanda nsapato!"

Woyamba anali mtsikana wina wa ku Lumbadzi. Wachiwiri anali Linda. Iye anali atakhala pa benchi akumwa madzi, malaya ake atangonyowa pang'ono pakhosi. Maso awo atakumana, Linda anayang'ana pansi.

Mtsikana wamtali uja, amene tsopano anali wachinayi, anabwera akutsimphina n'kugwira Saida chanza.

"Wandiposa, mnzanga," anatero. "Uli ndi mtima." Atatero anapita kukakhala payekha, nkhope ili m'manja.

6. Wa mpango

Chisangalalo sichinakhalitse. Madamu ali mkati motsuka bondo la Saida, mphunzitsi wa chipewa chofiira uja anafika n'kuwaitanira pambali. Anayankhula nthawi yaitali. Pobwerera, nkhope ya Madamu inali itasintha.

"Saida. Linda. Nditsateni."

Anawalowetsa m'kalasi mopanda anthu, n'kutseka chitseko.

"Kwabwera mayi wina wotola nkhuni," anatero Madamu. "Akuti waona njinga ya kabaza kuseri kwa uvuni, ndi ana a malaya obiriwira pomwepo. Akuti mmodzi wapita pa njingayo kudzera m'mabulugamu. Anali patali, nkhope sanazione bwino. Chimene akukumbukira n'chakuti panali mtsikana wa mpango."

Panja ana ankaimba nyimbo za chipambano.

"Saida, unakwera njinga?"

"Ayi, Madamu."

"Unaima pa njingapo?"



"Ndinaima, Madamu."

"Chifukwa chiyani?"

Saida anayang'ana Linda. Anakumbukira bulangete limene ankafunda awiri masiku a chipatala aja, ndi amayi a Linda akumupukuta misozi. Anadikira kuti mnzakeyo ayankhule yekha.

Linda anayankhuladi.

"Ine ndinamudutsa ataima pamenepo, Madamu," anatero, maso ali pawindo. "Ndinamuuza kuti tiye. Iye anati ndizipita. Zinazo sindikudziwa."

Saida anamva ngati pansi pagumuka.

"Linda!"

"Ndanama? Sunanene kuti pitani?"

Madamu Kalonga anakhala pa desiki ngati munthu wotopa kwambiri. Anayang'ana mapazi a Saida otuwa ndi otupa, n'kuyang'ananso malaya a Linda.

"Ana inu," anatero potsiriza, "ndaphunzitsa zaka zambiri. Ndaonapo ana akugonja, ndipo kugonja sikunaphepo munthu. Wogonja amapita kwawo, amagona tulo, mawa amayambiranso. Koma bodza ndi katundu amene satulika. Umadya nalo, umagona nalo, umakalamba nalo. Mmodzi wa inu akundinamiza, ndipo kunjaku kuli mwana wa eni wachinayi amene akulira malo ake atabedwa. Ine ndikanakonda mukanakhala omalizira nonse awiri, ndikanakunyamulani pamsana mokondwa. Lero mwandiveka manyazi pamaso pa sukulu zonse.

"Oyendetsa mpikisano agwirizana kuti maina anu onse awiri aimitsidwe kaye. Lolemba m'mawa mudzabwere ku ofesi ya ahedi, aliyense ndi kholo lake. Wopezeka wolakwa sadzangochotsedwa pa mpikisano pokha. Malamulo a sukulu mukuwadziwa. Pitani."

Linda anatuluka msangamsanga, osacheuka.

Saida anayenda yekha kubwerera ku Mgona. Tsopano minga ija inayamba kumveka, ndipo bondo linali litauma. Ankaponda ndi chidendene. Mitambo inali ikadali yotuwa, mphepo ikuulutsa mapepala a pulasitiki m'mbali mwa msewu.

Atafika panjanji anamva belu la njinga kumbuyo. Rodney anamudutsa, n'kupingasa njinga kutsogolo kwake.

"Sista wothamanga," anatero akumwetulira, koma maso ake sankaseka. "Ndamva kuti Lolemba kuli mlandu."

Saida anayesa kulambalala. Rodney anasuntha njinga n'kumutsekeranso.

"Tamvera. Linda ndi magazi anga. Akachotsedwa sukulu, bambo ake omupeza aja amuthamangitsa pakhomo, ukudziwa iwe. Ndiye Lolemba ukanene kuti unakwera ndiwe, unatsika msanga chifukwa cha mantha. Dzina la wakabaza sukulidziwa. Ukalira pang'ono, akakukhululukira."

"Sindinakwere," anatero Saida. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Aliyense wamva kuti anali wa mpango." Rodney anaweramira pafupi. "Ndipo usaiwale, sista. Iwe umayenda wekhawekha kukadali mdima. Ife a kabaza timadzuka nthawi yomweyo."

Analiza belu kawiri n'kupalasa kulowera ku Kanengo.

Saida anaima pakati pa njanji. Asanaganize chochita, anamva nthungululu kuchokera kumunsi. Ana a m'deralo anali atafikitsa kale uthenga woyamba uja, wa chipambano. Amayi ake ankabwera chothamanga, chitenje chili m'manja, amayi a pampopi ali pambuyo pawo akuvina. Pakati pa gululo, akuimba mokweza kuposa onse, panali amayi a Linda.

"Ana athu! Ana athu apambana onse awiri!"

A Zulaikha anamukumbatira mwamphamvu, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Ndawaimbira kale amalume ako," anatero m'khutu mwake. "Ndawauza kuti ku Ntaja supita."